Mazira oyera kuseri kwa nyumba aswa chinthu chonunkha: ndi mankhwala kapena n'chiyani?

Funso

"Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Masambanjati m'boma la Thyolo. Sabata yatha, mvula itagwa masiku angapo osalekeza, ndinapeza tinthu titatu toyera ngati mazira a nkhuku titatulukira theka m'dothi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi phata la nsungwi pamene timataya makoko a nthochi ndi utuchi. Ndinkayesa mazira a njoka, ndipo ndinaletsa ana kupitako. M'mawa mwake limodzi linali litang'ambika. Pamalopo panali pataima chinthu choyera chotalika kuposa chikhatho changa, mutu wake uli ndi matope obiriwira modera, chitavala kansalu koboolaboola ngati neti ya udzudzu. Fungo lake linali loti guu, ntchentche zitadzazana. Pofika madzulo chinali chitagwa. Mwana wanga wazaka zitatu anachigwira. Apongozi anga akuti ndi mankhwala amene atikwiririra anzathu oyandikana nawo, poti tili pa mkangano wa malire a munda. Mlamu wanga akuti anaona pa foni kuti ku China amadya zimenezi. Ndatumiza chithunzi. Kodi n'chiyani? Mwana wanga ali pangozi? Nanga mazira awiri otsalawo ndichite nawo chiyani?"

Yankho

Mayi, khazikani mtima pansi. Chimene mwajambulacho ndi bowa, ndipo palibe munthu amene anakwirira kanthu pakhomo panu. Mwana amene wangomugwira bowayu sali pangozi, kumusambitsa m'manja ndi sopo n'kokwanira. Mwachita bwino kufunsa musanatereke mphika pamoto komanso musanapite kukalalata kwa anzanuwo, paja safunsa anadya phula.

Kawirikawiri ndimakana kutchula dzina la bowa pongoona chithunzi, chifukwa mitundu yambiri imafanana moti ngakhale ife amene takhala tikuyenda m'nkhalango zaka zambiri timayamba tamutembenuzatembenuza m'manja tisanayankhe. Koma uyu ndi mmodzi mwa ochepa osasokoneza. Dzira, kansalu koboolaboola ndi fungo la nyama yovunda zikakumana pamodzi, ndiye kuti tili m'banja la bowa wonunkha, ndipo wovala kansalu koyera kofika pafupi ndi dothi akatswiri amamutcha Phallus indusiatus. Woyamba kumulemba m'mabuku a sayansi anali katswiri wa zomera wa ku France, Ventenat, m'chaka cha 1798. Amamera m'madera otentha a mvula yambiri kuno ku Africa, ku Asia, ku South America ndi ku Australia. Ali ndi abale ake. Wina kansalu kake n'kachikasu, wina alibiretu kansalu, ena ndi ofiira psuu ndipo amatambasula timanja. Onsewo amatuluka m'dzira, ndipo onse amanunkha.

Chimene mumachiona pamwamba pa dothi ndi chipatso chabe, monga alili mango ku mtengo wake. Thupi lenileni la bowa lili pansi. Mukapalasa pang'ono ndi kamtengo pamene pali mazirawo mupeza ulusi woyera utayanga m'masamba a nsungwi ndi mu utuchi, ndipo pansi pa dzira lililonse pali kachingwe koyera kolumikiza dziralo ku ulusiwo. Ulusi umenewu wakhala ukudya zinyalala zanu mwakachetechete, mwina kwa miyezi yambiri. Mvula itanyowetsa nthaka mokwanira, ndiye unaganiza zobereka.

Tengani dzira limodzi mwa otsalawo, mulidule ndi mpeni kuchokera pamwamba kutsika pansi. Pansi pa chikopa choyera mupeza zonanda zoonekera mkati, zotelera m'zala. Kenako pali mzere wobiriwira modera, umene udzakhale matope a kumutu aja, ndipo pakatikati pali chinthu choyera chofinyika, chokhala ndi timabowo tambirimbiri. Limenelo ndilo phesi, lopangidwa kale lonse koma lopanikizika. Apa ndi pamene pagona yankho la chimene chimaopsa anthu kwambiri, choti dzulo panalibe kanthu koma lero paima chinthu chachitali. Bowayu sakula usiku umodzi ayi. Anakula kale m'dzira muja, ndipo tsiku loswa amangomwa madzi n'kudziwongola. Ntchito imeneyi imatenga maola ochepa chabe, nthawi zambiri usiku kapena mbandakucha. Phesi limatha kufika masentimita 25, ndipo likaima kansalu kaja kamatsika pang'onopang'ono kuchokera m'munsi mwa mutu. Munthu woleza mtima atakhala pambali ndi tochi atha kukaona kakutsika ndi maso ake.

Fungo nalo lili ndi ntchito yake. Bowa wambiri amamwaza mbewu zake ndi mphepo, timbewu tosaoneka ndi maso timene timagwa kuchokera kunsi kwa chipewa. Uyu amatuma ntchentche. Mbewu zake zili m'matope a kumutu aja, ndipo fungo la chovunda ndilo loitanira. Ntchentche zimanyambita matopewo, zina zimapaka m'miyendo, n'kukazitaya kwina. Zikamaliza mutu umatsala woyera, wazibowozibowo, ndipo bowayo amafota n'kugwa tsiku lomwelo kapena lotsatira. N'zimene munaona madzulo aja.

Nanga bwanji pakhomo panu osati pa ena? Chifukwa mwamukonzera chakudya. Masamba a nsungwi, utuchi ndi makoko a nthochi pamthunzi, kuphatikiza chinyezi cha ku Thyolo, ndiwo malo amene amawakonda. Mbewu yake inabwera ndi ntchentche kapena inali kale mu utuchiwo. Sadya chomera chamoyo, choncho nthochi zanu ndi nsungwi sizili pangozi. Ndinene pano, poti alimi a nthochi amandifunsa kawirikawiri: chisaka chimene chinatha nthochi ku Thyolo sichichokera ku bowa wa m'dothi, ndi kachilombo kamene kamafala ndi nsabwe za pa nthochi komanso ndi ana a nthochi odwala. Bowa wanuyu akungokuwoletserani zinyalala kuti zisanduke manyowa.

Za apongozi anu, musawatsutse pagulu. Chinthu chotuluka m'dzira usiku, chonunkha imfa, chooneka mochititsa manyazi chotere, aliyense amene sanachionepo angaganize zambiri. Aitaneni pambali, mudulire limodzi dzira lija, muwaonetse kachingwe kolowa m'zinyalala. Linalo mulisiye kuti aone okha likuswa. Bowa yemweyu ndakumana naye m'nsungwi za m'mphepete mwa mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje, kumene kulibe nyumba ya munthu kapena malire oti anthu akanganirane. Komanso kumbukirani kuti malamulo a dziko lino, kuyambira 1911, amaletsa kunenera munthu ufiti, ndipo mawu amodzi otere atha kukusandutsani inuyo woimbidwa mlandu. Nkhani ya malire ipite kwa a nyakwawa payokha, bowa asalowemo.

Mlamu wanu sananame. Ku China bowa wa mtundu umenewu ndi chakudya chaulemu, ndipo akhala akumulima kuyambira 1979. Amachotsa mutu wamatopewo, n'kuumitsa phesi ndi kansalu, n'kumaphikira msuzi. Koma ine ndikuti musadye. Awo amadya wolimidwa, wodziwika mtundu wake, pamene inu muli ndi wakutchire amene ali ndi abale ofanana naye. Chifukwa chachikulu n'china, ndipo ndicho ndikufuna muchigwiritse kuposa zonse ndanenazi. Sindikufuna kuti pakhomo panu, pamene pali ana, pazolowereke zoti dzira loyera lopezeka m'dothi ndi ndiwo.

Si bowa wonunkha yekha amene amayamba ngati dzira. Bowa wa ndelema, amene timamugula m'misika nthawi ya dzinja, nayenso amatuluka m'thumba loyera, ndipo akakula thumbalo limatsalira patsinde. Ndelema ali m'banja lotchedwa Amanita, ndipo m'banja lomwelo muli bowa amene wapha anthu ambiri padziko lonse kuposa wina aliyense, Amanita phalloides. Dzira la Amanita mukalidula simupeza zonanda kapena mzere wobiriwira, mumangoona kabowa kakang'ono koyera, chipewa ndi phesi, katapindika mkati. Pa msinkhu umenewo wodyedwa ndi wakupha n'zovuta kuwasiyanitsa. Wakuphayo akakula chipewa chake chimakhala chobiriwira motuwa kapena chachikasu pang'ono, nthawi zina pafupifupi choyera. Kunsi kwake n'koyera mbee, paphesi pali mkanda, patsinde pali thumba. Akali wanthete sanunkha zoipa, ndipo amene anapulumuka atamudya amati ndi wokoma. Theka la chipewa chimodzi litha kupha munthu wamkulu. Poizoni wake satha ndi kuwiritsa, kukazinga, kufutsa kapena kuyanika padzuwa. Ndiye mukuona, mayi, amene wakusowetsani tulo ndi fungo lake ndi wosalakwa. Woyenera kumuopa amaoneka ngati ndiwo zabwinobwino.

Bowa wakuphayu kwawo ndi ku Ulaya. Anafika kummwera kwa Africa pamodzi ndi mitengo yobwera, monga paini, ndipo wapha anthu ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Nkhani ya mitengo yobwerayi imatikhudza kwambiri ife a ku Thyolo ndi Mulanje. Nzeru za bowa zimene agogo athu anali nazo anaziphunzira m'nkhalango zachilengedwe, pansi pa masuku, mombo ndi tsamba, kumene kumamera ndelema, manyame ndi chipindi, komanso pa zulu pamene pamatuluka utale ndi nyonzwe. Bowa ambiri a m'nkhalango zotere amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengoyo, n'chifukwa chake sangalimidwe m'munda, ndipo mtengo ukadulidwa nawonso amasowa. Brian Morris, Mngelezi amene anagwirapo ntchito m'maesiteti a tiyi a kuno asanakhale katswiri wa chikhalidwe cha anthu, atayamba kulemba maina a bowa wa m'Malawi anapeza kuti aphunzitsi ake enieni anali amayi a m'midzi. Nzeru imeneyo ndi yoona, ndipo ine ndimaidalira. Koma taonani dziko lathu lero: tiyi, bulugama wa nkhuni za m'mafakitale, paini, ndipo nkhalango ya m'phiri la Thyolo inatha ife tikuona. Mitengo yobwera imabwera ndi bowa wakewake amene agogo sanamuphunzire. Pansi pa paini mupeza wofiira wamadontho oyera, Amanita muscaria, wokongola ndithu koma wosokoneza mutu ndi m'mimba. Lamulo lakale loti bowa wa pa bulugama sadya ndi labwino. Lisungeni, ndipo muwonjezerepo paini.

Koma amene ndimakumana naye kwambiri pa nkhani za mabanja odwala ndi wina, Chlorophyllum molybdites. Amamera pa kapinga, pa mabwalo a sukulu, m'mbali mwa khola, nthawi zina atazungulira ngati anachita kudzalidwa. Ndi wamkulu, woyera, wamamba pamwamba, ndipo mwana akamuona amathamanga nazo kunyumba kuti wapeza utale. Utale weniweni ndi wa chiswa. Ngakhale chulu chisaoneke pamwamba, mukakumba motsatira phesi mupeza muzu wautali, wopyapyala kumapeto, ukulowa pansi kukafika ku chisa cha chiswa. Wonamizirayu alibe muzu wotere, tsinde lake limangothera pamwamba ndi kachibuluma. Akakalamba kunsi kwa chipewa kumasanduka kobiriwira motuwa. Njira yomugwirira bwino ndi iyi: dulani chipewa, muchiike chafufumimba pa pepala loyera, muvundikire ndi mbale, musiye usiku wonse. M'mawa fumbi lotsala pa pepalalo likakhala lobiriwira, tayani. Utale umasiya fumbi lotuwa lofiirira pang'ono. Chenjerani apa: fumbi loyera silitanthauza kuti bowa ndi wabwino, chifukwa wakupha uja nayenso fumbi lake n'loyera. Pepala limathandiza kukana bowa, silipereka chilolezo chomudya.

Pali zoyesera zina zimene ndimazimva chaka ndi chaka. Ena amati bowa wodyedwa ndi nkhono, nyerere kapena anyani ndi wabwino, koma matupi a zilombozi si ofanana ndi athu, ndipo nkhono imadya wakupha uja popanda vuto. Ena amaika supuni kapena anyezi mumphika kuti akada ndiye kuti muli poizoni. Sizitero. Ena amayamba apatsa galu n'kudikira ola limodzi, osadziwa kuti poizoni woopsa kwambiri amachedwa kuonekera, moti galu adzayamba kudwala banja lonse litadya kale n'kugona. Zofufuzira za pa foni nazo musazikhulupirire pa nkhani ya chakudya. Zimangoyerekeza chithunzi ndi zithunzi zina, zambiri za ku Ulaya ndi ku America, ndipo sizikumba tsinde kapena kununkhiza. Ine lamulo langa ndi limodzi: bowa amene simumudziwa dzina, amene amayi odziwa a m'mudzi mwanu sanamudyepo, kapena amene wamera pansi pa mitengo yobwera, asalowe mumphika. Pozula, mtundu uliwonse ukhale pawokha, ndipo pophika muziona mmodzimmodzi, chifukwa mmodzi yekha wolakwika amaononga mphika wonse.

Tsono za chipatala. Ngati mwana wanu sanangogwira koma mukukayika kuti analumako, pitani naye ku chipatala chaching'ono cha kwanuko lero. Bowa wonunkhayu sadziwika kuti amapha, angathe kungomupweteka m'mimba, koma mwana wazaka zitatu sangakuuzeni bwino chimene analawa, ndipo pa dzala limodzi pamamera mitundu ingapo.

Pa bowa wina aliyense, chofunika kwambiri ndi nthawi. Kusanza ndi kutsegula m'mimba kukayamba pasanathe maola 3 chidyereni, kawirikawiri ndi bowa wa mtundu wa pa kapinga uja. Amazunza kwambiri, nthawi zina mpaka chimbudzi cha magazi, ndipo ngozi yake yaikulu ndi kutha madzi m'thupi, makamaka kwa ana, okalamba ndi amayi oyembekezera. Koma zizindikiro zikachedwa, n'kuyamba pakati pa maola 6 ndi 24, pamenepo ndiye poopsa zedi. Munthu amadya madzulo, n'kugona bwinobwino, m'mawa n'kuyamba kusanza ndi kutsegula m'mimba ngati kolera. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri amapezako bwino, amapempha phala, achibale n'kuyamba kuthokoza kuti zadutsa. Nthawi imeneyo ndi pamene chiwindi chikuonongeka. Pofika tsiku lachitatu mpaka lachisanu maso amasanduka achikasu, mkodzo umachepa, munthu amayamba kubwebweta, ndipo apo madokotala amakhala ndi zochepa zoti achite. Choncho kupezako bwino kusakunamizeni, ndipo wodwala asathawe m'chipatala chifukwa choti wasiya kusanza.

Onse amene anadya mphika umodzi apite, ngakhale amene sakumva kanthu. Tengani ndiwo zotsala, bowa wosaphika ngati alipo, ngakhale zosenda zimene munataya kudzala. Mukafika nenani mosabisa kuti mwadya bowa wakutchire, nthawi imene munadya ndi nthawi imene matenda anayamba. Panjira wodwala azimwa Thanzi pang'onopang'ono. Musataye nthawi ndi mkaka, madzi a mchere osanzitsa, mowa kapena zitsamba, ndipo musadikire kuti kuche ngati kabaza angapezeke usiku womwewo. Kwanuko kuli chipatala chachikulu cha boma ku Thyolo ndi cha Malamulo ku Makwasa. A ku Mulanje ali ndi cha boma ndi cha Mulanje Mission. Matenda akakula iwo amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Zotsala za mazira awiriwo, apongozi akaona n'kukhutira, muzikumbe ndi khasu pamodzi ndi zinyalala zozizungulira, muponye m'chimbudzi chokumba kapena mukwirire mozama kutali ndi pamene ana amasewera. Ngati simukufuna fungo m'manja, valani jumbo. Musathirepo parafini, mchere kapena mankhwala a mbewu. Mungoononga nthaka, ndipo ulusi wa pansi uja sufa ndi zimenezo. Malinga ngati chakudya chake chilipo, dzinja likubwerali adzatulukanso. Mukafuna kuti achepe, sunthani dzala lichoke pamthunzi wa nsungwi, muzilitembenuza kuti liziuma, ndipo utuchi musamauunjike pamalo amodzi. Mukamazonda m'mawa masiku a mvula n'kuchotsa mazira asanaswe, fungo simulimvanso.

Mukadzapeza bowa wina wachilendo n'kufuna kuti tikuthandizeni, musamuthyole pakati. Mukumbeni yense ndi mpeni kuti tsinde lituluke lathunthu, chifukwa thumba ndi muzu ndizo zimatiuza zambiri. Jambulani pamwamba, kunsi kwa chipewa, patsinde, kenako mumudule pakati n'kujambulanso, mutaika bokosi la machesi pambali kuti tione kukula kwake. Mutiuze mtengo umene ali pafupi nawo, ngati wamera pa dothi, pa chitsa kapena pa chulu, fungo lake, komanso ngati atuluka mkaka kapena kusintha mtundu akadulidwa. Pomusunga mukulungeni m'pepala, osati m'jumbo, chifukwa m'jumbo amaola msanga. Ngati ulendo uli wa masiku angapo, muyanikeni aume kaye, pamalo pamene ana ndi nkhuku sangafike. Alangizi a zankhalango a ku boma atha kukulozerani koyenera, ndipo ku Zomba kuli National Herbarium ndi Forestry Research Institute of Malawi, kumene kuli anthu ogwira ntchito yozindikira zomera za m'nkhalango zathu.